Madzi saiwala khwawa, ngakhale pa boda

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mvula ikhoza kunyanyala zaka ziwiri, khwawa n'kumera tsekera, wina n'kubzalamo chimanga poyesa kuti watola dimba laulere. Koma tsiku limene mitambo idzakhuthule, madzi adzadutsa momwe ankadutsa kale, osaodira kwa mwini munda. Mwambiwu timautchula pokamba za munthu amene wabwerera ku khalidwe lake lakale, kapena mtchona amene wakumbukira kwawo imvi zitamera. Ine ndautenga kuti undithandize kulingalira za liwu limodzi lachilendo, lakuti boda, ndi malo amodzi kumene liwuli limatchulidwa kuyambira m'bandakucha mpaka usiku: Zobue, katauni ka m'boma la Moatize, m'chigawo cha Tete, pamene msewu wochokera ku Blantyre umatuluka m'Malawi n'kulowa m'Mozambique.

Ku Mwanza ndi ku Zobue liwuli amalidziwa ndi agogo omwe amene sanapondeko m'kalasi. "Ndikufika kaye pa boda." "Katundu wathu wagwidwa pa boda." "Basi ya ku Joni yagona pa boda." "Mnyamata uja anajowa boda." Wolankhulayo saganiza n'komwe kuti watchula Chingelezi. Pa wailesi owerenga nkhani amati chipata cha Mwanza. M'buku la sukulu muli malire a dziko. Pa zikwangwani za boma la Mozambique palembedwa fronteira. Koma dalaivala wa thiraki, mayi wa geni ndi mnyamata wa kabaza onse amati boda, ndipo liwuli linakhazikika mpaka kupeza zochulukitsa zake, maboda.

Kwawo ku England liwuli amalilemba border, ndipo silinabadwe lili dzina la malire a dziko. Angelezi analitenga kwa Afalansa m'zaka za m'ma 1300, lili bordure, ndipo linkanena za m'mphepete mwa chinthu: mpendero wa chovala, kapena mzere wokongoletsa wozungulira chishango cha msilikali. Afalansawo nawonso anachita kubwereka. Muzu wake ndi bord, liwu la mafuko a Chijeremani lonena za mbali ya ngalawa, pamene thabwa lathera madzi n'kuyambira. Lili pachibale ndi board, kutanthauza thabwa, lomwe ife tinalilandira kawiri osazindikira kuti ndi limodzi: bolodi limene aphunzitsi amalembapo ndi choko, komanso bodi ya kampani, anthu okhala mozungulira tebulo n'kumagamula za anzawo. Tanthauzo la malire a mayiko linadza pambuyo, ndipo linakula kwambiri chifukwa cha dera la pakati pa England ndi Scotland. M'zaka za m'ma 1500 Mngelezi akangoti the Border, aliyense ankadziwa kuti akunena kumeneko, kudera kumene mabanja a mbali ziwirizo ankaberana ng'ombe komanso kukwatirana. Mpaka lero chigawo china cha Scotland chimatchedwa Scottish Borders. Ndipo tanthauzo lakale lija silinafe. Mngelezi amatchulabe border ponena za kamzere ka maluwa m'mbali mwa bwalo la nyumba, kapena mzere wozungulira chithunzi pa kompyuta.

Tanthauzo la mpendero ndi limene landigwira mtima. Telala amapenda nsalu pamene yathera, kuti ulusi usamathothoke. Sapenda pakati. Tsono funso la pa Zobue ndi lakuti, kodi nsalu inathera pamenepa? Sinathere. Anachita kuidula pakati, n'kupenda mbali zonse ziwiri, mbali ina ndi ulusi wa Chingelezi, ina ndi wa Chipwitikizi.

Odulawo tikuwadziwa. Mu 1889 asilikali a Serpa Pinto analimbana ndi Amakololo ku Shire, ndipo mu January 1890 boma la Britain linaopseza Portugal kuti ichotse anthu ake m'dera limenelo. Mkanganowo unatha ndi pangano limene linasainidwa ku Lisbon pa 11 June 1891. Pa tebulo limenelo panalibe Mchewa, Mmang'anja, Mngoni kapena Mnyungwe. Chomwe chimandidabwitsa n'chakuti azunguwo, posowa mtsinje waukulu woti ukhale malire m'dera lino, anasankha msana wa mapiri, pamene madzi a mvula amagawikana. Anagwirizana kuti mzere utsate pamwamba pa mtunda wolekanitsa madzi opita ku Shire ndi ku nyanja ya Malawi ndi madzi opita ku Zambezi. Choncho dontho likagwa chakum'mawa kwa msanawo limatsikira mu Mwanza kapena mu Mkulumadzi n'kukathira mu Shire, ndipo likagwa chakumadzulo limatsata timitsinje tothira mu Revúbuè, mtsinje umene umadutsa pafupi ndi Moatize n'kukalowa mu Zambezi pa Tete. Koma Shire naye amathera kuti? Mu Zambezi momwemo, kumunsi kwa Mutarara. Madzi amene pangano la 1891 linawapatsa mayiko awiri amakakumana asanafike ku nyanja ya mchere. Akuluakulu aja sanawerenge panganolo, koma za madzi ankazidziwa bwino kuposa amene analisaina.

Khwawa la anthu nalo linalipo kale mzerewo usanalembedwe. Ufumu wa Amaravi unali mbali zonse ziwiri za mapiriwa. Likulu la Undi linali ku Mano, m'dera lomwe lero ndi chigawo cha Tete, ndipo boma lina la chigawochi mpaka pano limatchedwa Marávia. Chaka chilichonse mu August mafumu a Achewa ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amakakumana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Pamene UNESCO inkalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, inachita kutchula mayiko atatu onsewo, chifukwa palibe limodzi limene likananena kuti guleyu ndi langa ndekha.

Mawu nawo ankayenda m'khwawa lomweli kalekale. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1500, ndipo mawu awo anakwera mtunda limodzi ndi nsalu ndi mikanda. Nsapato ndi sapato, kalata ndi carta, zenera ndi janela, chipewa ndi chapéu, kapitawo ndi capitão. Ngakhale thabwa limene ndafotokozera nalo board lija ndi tábua ya Apwitikizi. Mwana wa ku Kasungu amene sanamvepo Chipwitikizi amavala nsapato n'kusuzumira pa zenera, osadziwa kuti mawu amenewa anadzera njira za kuno ku Tete, pa nthawi imene kunalibe munthu wofunsa chiphaso.

Anthu ena okonda chiyankhulo chathu amadandaula kuti bwanji tikunena boda pamene tili ndi liwu lathulathu lakuti malire. Dandauloli ndimalimvetsa, koma sindigwirizana nalo. Malire ndi boda si chinthu chimodzi, ndipo anthu wamba amene anasunga mawu onse awiri anaona bwino. Malire timawadziwa kumunda. Anthu awiri oyandikana amayenda limodzi, amfumu ali pomwepo, n'kuloza kuti kuchokera pa chulu icho kukafika pa mtengo wa mpoza uwo. Amabzalapo khonje kapena nkhadze kuti adzukulu asadzakangane. Malire otere amafuna mboni ndi chimvano, ndipo ukawadumpha pothamangitsa mbuzi palibe amene amakumanga. Boda ndi chinthu china. Ili ndi mbendera, chitsulo chotchinga msewu, chidindo, ndi nthawi yotsegulira ndi yotsekera. Chinthu chotere makolo athu analibe, n'chifukwa chake chinabwera ndi dzina lake.

Komanso tamverani mmene timalinenera. Timati pa boda, monga timanenera pa msika, pa chigayo, pa mjigo. Kwa Mngelezi border ndi mzere wopanda mulifupi, woti ukhoza kuujambula ndi pensulo pa mapu. Kwa ife boda ndi malo oti munthu angakhalepo, kugonapo, kugulitsapo mandasi, kupezapo banja. Munthu amatha kunena kuti "ndimakhala pa boda" kapena "ndinakulira pa boda". Liwu lachilendo litalowa m'Chichewa linatsata khwawa la Chichewa, ndipo chimene chinabwera kudzalekanitsa anthu chinasanduka dzina la pamalo pokumanirana.

Fikani pa Zobue m'mawa mudzaone. Phiri la Zobue laima chapafupi, ndipo m'munsi mwake mathiraki andanda m'mbali mwa msewu, ena a mafuta, ena a feteleza, ena a makontena ochokera ku Beira kapena ku Durban. Madalaivala akutsuka m'maso ndi madzi a m'chigubu, wina wayatsa kale kambaula pansi pa thiraki. Basi ikangoima, anyamata osintha ndalama aizungulira, mipukutu ya makwacha, metikashi ndi marandi ili m'manja, chala chikuthamanga pa foni powerengera. Mnyamata mmodzi yemweyo akupatsa moni dalaivala wa ku Zimbabwe m'Chishona, akuyankha wapolisi m'Chipwitikizi, kenaka akutembenukira kwa mayi wotsika basi: "Amayi, tisinthe? Mtengo wake ndi wabwino lero." Apaulendo afola pa mzere, aliyense wafumbata pasipoti yake, maso ali pa dzanja la wodinda. Chidindo chikalira pa pepala, mapewa a munthu amatsika. Koma chapatali pang'ono, kuseri kwa nyumba, mayi wina wasenza dengu la manachesi, mwana ali kumbuyo, akutsata kanjira kodutsa m'minda. Iyeyo akupita kwa achemwali ake, ndipo mukamuuza kuti akupita kudziko lina akhoza kukuyang'anani modabwa.

Pakati pa ofesi za ku Mwanza ndi za ku Zobue pali mtunda wa makilomita angapo, ndipo m'menemo muli midzi, minda ndi ana opita kusukulu. Amene amapepula apaulendo pa mtunda umenewu ndi akabaza. Ntchito yotereyi ndi imene inabereka liwu lina ku East Africa. Ku Busia, pa malire a Uganda ndi Kenya, anyamata a njinga ankanyamula anthu kuchokera pa ofesi ya dziko lina kukawatula pa ya linzake, ndipo ambiri amati kuitanira kwawo kwakuti border to border ndi kumene kunasanduka boda boda. Lero njinga zamoto zonyamula anthu ku Kampala ndi ku Nairobi zimatchedwa choncho, ndipo liwuli linalowa m'madikishonale a Oxford. Linachoka ku England lili border, linabwererako lili boda boda, litasenza tanthauzo limene eni ake sanaliganizirepo.

Pa Zobue palinso kena kokoma. M'Chipwitikizi muli liwu lakuti borda, lonena za m'mphepete, lochokera ku muzu womwe uja wa mbali ya ngalawa. Mulinso lina lakuti boda, lolembedwa chimodzimodzi ndi lathuli, koma lotanthauza phwando la ukwati. Limenelo n'lochokera ku Chilatini, vota, malumbiro, ndipo silili pachibale ndi border ngakhale pang'ono. Zangochitika kuti mawuwa afanana. Komabe m'dera limene mkamwini amachokera ku Mwanza n'kukalowa chikamwini ku Zobue, ndipo ankhoswe amawoloka mzere wa mayiko kukakamba za mbumba, kufananako kumandisangalatsa.

Ndisakometse zinthu mopitirira. Boda ili ndi mbiri ya misozi, ndipo mbiri imeneyi ndi yovuta kuigamula, chifukwa mzere womwewo umene unagawa mabanja unapulumutsanso miyoyo. M'nthawi ya atsamunda anthu ankathawa chibalo cha Apwitikizi kulowa ku Nyasaland, ena ankathawa msonkho ndi thangata kulowera kwa Apwitikizi. Mozambique italandira ufulu pa 25 June 1975 sipanapite nthawi, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inabuka. M'zaka za m'ma 1980 msewu wa Zobue, Tete mpaka Nyamapanda unkayendeka pokhapokha magalimoto atandandana, asilikali a Zimbabwe akuwaperekeza, ndipo m'mbali mwake munkatsala zigoba za mathiraki otenthedwa. Pofika nthawi ya pangano la mtendere la ku Rome, pa 4 October 1992, anthu a ku Mozambique opitirira 1 miliyoni anali atathawira ku Malawi, dziko limene pa kalembera wa 1987 linali ndi anthu pafupifupi 8 miliyoni okha. Ena anakhala m'misasa ngati Chifunga ndi Luwani. Koma ambiri, makamaka ku Ntcheu ndi ku Dedza, anangolowa m'midzi, kwa amalume, kwa azakhali, kwa anthu a mfunda umodzi, n'kupatsidwa pomanga kanyumba ndi polima. Pamenepo zinthu ziwiri zinagwira ntchito limodzi. Boda inachititsa kuti mbali inayo kukhale kopanda nkhondo, ndipo chibale chinachititsa kuti wothawayo akafike kwa anthu omva chiyankhulo chake. Pakanakhala chimodzi chokha mwa ziwirizi, manda akanachuluka.

Madzi aja anadzabwereranso m'khwawa lomwelo. Chakumapeto kwa 2015 ndi kumayambiriro kwa 2016, mfuti zitayambanso kulira m'madera a Moatize monga Nkondezi, anthu opitirira 10,000 anawolokera ku mudzi wa Kapise m'boma la Mwanza, ndipo boma la Malawi linatsegulanso msasa wa Luwani ku Neno. Ena mwa iwo anali ana a anthu amene anathawira komweko zaka makumi atatu m'mbuyomo. Njira sanachite kufunsa. Pakati pa amene anabwera kudzawathandiza panali bungwe la Médecins Sans Frontières, limene dzina lake limatanthauza madokotala opanda malire. Anthu a ku Kapise amene anayamba kugawana nawo madzi ndi nkhuni mabungwe asanafike analibe dzina lotere, koma ntchito yake anaiyamba ndi iwo. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. M'njala ya 2002 anali Amalawi amene ankawoloka kukagwira ganyu m'minda ya ku Mozambique kuti apeze chimanga.

Nkhani imene imandilemera kwambiri inachitika pa 24 March 2020. Pa sikelo ya magalimoto ya ku Mussacama, m'boma lomweli la Moatize, akuluakulu a boma anaimitsa thiraki yochokera ku Malawi atamva kugogoda m'kontena. Atatsegula anapeza anthu 64 atafa chifukwa chosowa mpweya, ndipo 14 okha ndi amene anali moyo. Anali ochokera ku Ethiopia, pa ulendo wa ku South Africa. Kwa iwo boda sinali pamsika kapena pokumanirana. Analibe azakhali ku Zobue, analibe kanjira ka m'minda kowadziwa, analibe chiyankhulo chopemphera madzi. Chimene anali nacho ndi ndalama zolipira anthu owazembetsa, ndipo anthuwo anawatsekera m'chitsulo. Ndikaganiza za iwo ndimaona kuti kufewa kumene liwu la boda lili nako m'kamwa mwathu n'kwa ife amene tili ndi abale mbali zonse. Kwa mlendo wosauka wochokera kutali, boda ndi khoma ndithu. Ndipo ana athu omwe, akangopitirira Tete n'kuyandikira Nyamapanda ndi Beitbridge opanda mapepala okwanira, amasanduka alendo otero. Makolo ambiri a ku Mangochi, ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay amagona foni ili kumutu, kudikira uthenga wakuti "tadutsa".

Sindili m'gulu la amene amati maboda angofafanizidwa mawa. Atsogoleri a Africa atakumana ku Cairo mu July 1964, mwezi womwe Malawi inalandira ufulu, anagwirizana zosunga malire amene atsamunda anasiya, poopa kuti kuwasuntha kukanayatsa nkhondo zosatha. Ndikuganiza kuti anaganiza bwino. Chimene chingasinthe ndi mmene boda imalandirira munthu. Ku Chirundu, pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, kuyambira 2009 wapaulendo amaima pamalo amodzi n'kuonana ndi maofesala a mayiko onse awiri. Ku Mchinji ndi Mwami anayamba zomwezo mu 2022. Zimenezi zimafupikitsa masiku amene thiraki imagona pa mzere, ndipo n'zabwino. Koma zimathandiza kwambiri eni makontena, pamene anthu ochuluka owoloka pa Zobue ndi a thumba limodzi la nyemba, katoni ya sopo kapena mtolo wa zitenje.

Mayi wotereyu chimene chimamuopsa si kutalika kwa mzere. Ndi kusadziwa. Fomu imene apatsidwa ili m'Chingelezi kapena m'Chipwitikizi. Sadziwa kuti katundu wake ayenera kulipira msonkho kapena ayi, ndipo ngati ayenera, ndi zingati. Pamene pali kusadziwa m'pamene pamamera madobadoba, ndi ena oipa mtima amene amati "tangosiyani ya fanta, mudutse". Akatopa nazo amasiya chipata n'kuyamba kudzera kutchire, kumene akhoza kulandidwa katundu yense kapena kuchitidwa chipongwe, popanda kokadandaula. Ndikanakonda kuti pakhomo la ofesi iliyonse, ku Mwanza ndi ku Zobue komwe, pakhale bolodi lalikulu lolembedwa m'Chichewa, chiyankhulo chimene anthu a mbali zonse ziwiri amamva: katundu wakuti salipira, wakuti amalipira mwakuti, chiphaso cha tsiku limodzi chimatengedwa pa zenera ili, ndipo mukalipira funsani lisiti. Pakhalenso munthu wowerengera amene sadziwa kuwerenga, ndi nambala ya foni yoimbapo wina akakupemphani ndalama yopanda lisiti.